Mipingo ikamagwirizana pothandiza othawa kwawo: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabuka kawirikawiri akhristu akamakambirana za ntchito imene mipingo yosiyanasiyana imagwirira limodzi pothandiza anthu othawa kwawo ndi polankhulapo pa nkhani za chilungamo. Ena amafunsidwa ndi anthu ofuna kuthandiza, ena ndi anthu okayika, ndipo okayikawo nthawi zambiri amafunsa zanzeru.

Kodi tikamati wothawa kwawo tikunena ndani?

Pamalamulo, tanthauzo lake ndi lopapatiza kusiyana ndi mmene ambiri amaganizira. Pangano la mayiko lomwe linasainidwa ku Geneva mu 1951 limati wothawa kwawo ndi munthu amene watuluka m'dziko lake chifukwa ali ndi mantha omveka oti azunzidwa kaamba ka mtundu wake, chipembedzo chake, dziko lochokera, gulu limene alimo kapena maganizo ake pa ndale. Mayiko a mu Africa anaona kuti tanthauzoli likusiya anthu ambiri kunja, motero mu 1969 anamanga pangano lawolawo ku Addis Ababa, lomwe linaphatikizamo othawa nkhondo ndi chipwirikiti chachikulu m'dziko. Mfundo yaikulu m'mapangano onse awiriwa ndi yakuti munthu asabwezedwe kumene moyo wake uli pachiswe.

Munthu amene wathawa pakhomo pake koma sanadutse malire sawerengedwa m'gulu limeneli, chikhalirecho mavuto ake ndi omwewo, ndipo anthu otere ndiwo ochuluka. Bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, UNHCR, linati pofika kumapeto kwa 2024, anthu onse okakamizika kusamuka anali atapitirira 120 miliyoni. Mwa amene anadutsa malire, pafupifupi 7 pa 10 alionse amakhala m'mayiko osauka kapena opeza pang'ono, ndipo ambiri ali m'dziko loyandikana ndi kwawo. Phokoso lambiri limamveka ku Ulaya ndi ku America, koma katundu weniweni akusenza ndi mayiko monga Uganda, Chad, Lebanon ndi Bangladesh.

Imeneyi si ntchito ya boma ndi United Nations? Mpingo ukulowamo bwanji?

Udindo woteteza wothawa kwawo ndi wa boma, zimenezo n'zoona. Mpingo sungapereke chiphaso chokhalira m'dziko, ndipo sungaweruze ngati munthu ndi wothawadi. Koma anthu akawoloka malire usiku, ana ali kumsana, boma ndi mabungwe akuluakulu amafika patapita masiku, mwinanso milungu. Amene amakhala alipo kale ndi tchalitchi cha pamalopo, sukulu yake ndi chipatala chake cha mishoni. Mabungwe akamapakira katundu chifukwa ndalama zatha, mpingo umatsala, poti kwawo n'komweko.

Chinanso n'chakuti Baibulo silinabise mawu pankhaniyi. Levitiko 19:33-34 amalamula kuti mlendo asapsinjidwe, koma akondedwe monga mbadwa, ndipo chifukwa chake chaperekedwa pomwepo: inunso munali alendo ku Igupto. Pa Mateyu 25 Yesu akudziika yekha m'malo mwa mlendo wofuna kulandiridwa. Pa Mateyu 2, iye mwini ali khanda, makolo ake akumuthawitsira ku Igupto usiku poopa Herode. Mpingo umene umawerenga ndime zimenezi pa Khirisimasi n'kutseka chitseko mu Januwale uli ndi mlandu woti uyankhe.

Kodi mgwirizano woterewu ndi wa posachedwapa?

Ayi. Mabungwe ambiri a mipingo amene timawamva lero anabadwira m'phulusa la nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene anthu mamiliyoni ku Ulaya analibe pokhala. Christian Aid inayamba mu 1945 ku Britain, Church World Service mu 1946 ku America, Lutheran World Federation mu 1947 ku Lund, ndipo World Council of Churches inakhazikitsidwa mu 1948 ku Amsterdam, ntchito yothandiza othawa kwawo itayamba kale bungwelo lisanabadwe. Kumbali ya Katolika, Caritas Internationalis ndi International Catholic Migration Commission zinayamba mu 1951. Jesuit Refugee Service inabwera mu 1980, pamene Bambo Pedro Arrupe, mkulu wa ansembe a chipani cha Majezuwiti, anakhudzidwa ndi anthu a ku Vietnam amene ankathawa pa mabwato n'kumafera panyanja. Ku Africa, All Africa Conference of Churches inakhazikitsidwa ku Kampala mu 1963. Mu 2010 mipingo ndi mabungwe oposa 100 a Chipulotesitanti ndi a Orthodox anaphatikiza mphamvu zawo mu ACT Alliance.

Mipingo yosiyana chiphunzitso ingagwirire ntchito limodzi bwanji? Wina sagonja pa chikhulupiriro chake?

Palibe amene amafunsidwa kusiya chiphunzitso chake. Mpingo wa Katolika si membala wa World Council of Churches mpaka lero, koma kuyambira 1965 mbali ziwirizi zili ndi komiti imene imakumana nthawi ndi nthawi. Pamsonkhano wa ku Lund mu 1952 mipingo inadzifunsa funso lomwe likugwirabe ntchito: bwanji osachitira limodzi zinthu zonse, kupatula zokhazo zimene chikumbumtima chikutikakamiza kuchita patokha? Mgonero wa Ambuye, ubatizo wa makanda, tsiku lopembedza, ulamuliro wa Papa, zonsezi n'zimene mipingo imasiyana, ndipo siisiya kusiyana chifukwa choti yakhala pa tebulo limodzi. Koma palibe chiphunzitso chimene chimaletsa wa Baptist ndi wa Katolika kukumba mjigo umodzi.

Chitsanzo chabwino ndi cha pa 31 Okutobala 2016. Tsikulo Akatolika ndi Alutherani anakumbukira limodzi ku Sweden kugawikana kwawo komwe kunali kutatsala pang'ono kukwana zaka 500, ndipo ku Malmö, Caritas Internationalis ndi nthambi yothandiza anthu ya Lutheran World Federation zinasainirana kuti zizigwira ntchito limodzi pakati pa othawa kwawo. Nkhani ya mgonero inatsalabe pomwe inali.

Kunena zoona, chimene chimasokoneza migwirizano yambiri si chiphunzitso ayi. Ndi maudindo, ndalama, ndi dzina loti lilembedwe pa chikwangwani.

Nanga chimasintha n'chiyani mipingo ikagwirizana? Uliwonse sungangochita zake?

Ungathe, ndipo zotsatira zake timazidziwa: mipingo itatu imabweretsa mabulangete kumsasa umodzi sabata yomweyo, pamene palibe ndi mmodzi yemwe waganizira za zimbudzi kapena za mphunzitsi. Aliyense amathamangira ntchito yooneka bwino pa chithunzi. Mipingo ikakhala pamodzi imagawana ntchito malinga ndi chimene uliwonse uli nacho. Wina ali ndi chipatala, wina sukulu, wina ali ndi maloya pakati pa akhristu ake, wina ali ndi holo yopanda ntchito mkati mwa sabata.

Komanso pali zitseko zina zimene mpingo umodzi sungatsegule. Ku Italy, mu Disembala 2015, gulu la Katolika la Sant'Egidio, chitaganya cha mipingo ya Chipulotesitanti ya m'dzikomo ndi mpingo wa Awadensi anasainirana ndi boma kuti atsegule njira yotetezeka yolowera m'dzikolo. Anthu awo amapita kumisasa ku Lebanon kukapeza mabanja ovutikitsitsa: odwala, olumala, amayi okhala okha ndi ana. Boma limafufuza mbiri yawo n'kupereka ziphaso, ndipo iwo amafika ku Rome pa ndege m'malo mokwera mabwato a anthu ozembetsa anzawo. Nyumba, maphunziro a chiyankhulo ndi kuwafunira ntchito, zonsezo amalipira ndi mipingoyo. Oyamba anafika mu Febuluwale 2016, ambiri mwa iwo a ku Syria, ndipo pambuyo pake France ndi Belgium anatengera njira yomweyi. Boma linavomera chifukwa linaona kuti amene abwera kudzapempha ndi okonzeka kusenza katunduyo, ndiponso sakuimira mpingo umodzi.

Ku Canada zinayamba kale. Mu 1979 Mennonite Central Committee inasainirana ndi boma kuti mipingo izitha kutenga banja lothawa kwawo n'kulisamalira kwa chaka chathunthu. Mipingo ina inatsatira msangamsanga, ndipo mu 1986 anthu a ku Canada onse pamodzi analandira mphoto ya Nansen, imene UNHCR imapereka kwa othandiza othawa kwawo, chifukwa cha ntchitoyi.

Kodi si njira yongokopera anthu kuti alowe mpingo?

Funsoli ndi loyenera, chifukwa zoterezi zimachitikadi. Munthu wanjala akauzidwa kuti ayambe wamva ulaliki kenaka alandire chakudya, amamva ulalikiwo, amakwezanso dzanja ngati pakufunika kutero. Kumeneko si kutembenuka mtima, ndi kugwidwa pakhosi.

Mabungwe akuluakulu a mipingo anakana khalidweli polemba. Malamulo a kagwiridwe ka ntchito amene bungwe la Red Cross ndi mabungwe ena anagwirizana mu 1994 amati thandizo liperekedwe poyang'ana kusowa kwa munthu basi, ndipo lisagwiritsidwe ntchito pofalitsa chipembedzo kapena ndale. Caritas, Lutheran World Federation ndi World Council of Churches anali m'gulu la olikonza. Mu 2011 World Council of Churches, Vatican ndi World Evangelical Alliance anatulutsa limodzi chikalata chodzudzula kugwiritsa ntchito umphawi wa anthu powakopa. Apa mgwirizano umathandizanso mwanjira ina: mipingo ikakhala pamodzi imayang'anana, ndipo zimavuta kuti wina asandutse mzere wolandirira thandizo kukhala kalasi ya ubatizo anzake akuona.

Izi sizikutanthauza kuti akhristu azibisa chimene ali. Wothawa kwawo akapempha pemphero, apemphereredwe. Ambiri mwa iwo ndi anthu opemphera kale, ena ndi abusa ndi akatekisiti amene anathawa pamodzi ndi nkhosa zawo.

Amathandiza akhristu okha?

Sayenera kutero. Papa Francis atapita pa chilumba cha Lesbos mu Epulo 2016 pamodzi ndi Patriarch Bartholomew ndi Archbishop Ieronymos a mpingo wa Orthodox, anabwerera ku Rome ndi anthu 12 a ku Syria m'ndege yake. Onsewo anali Asilamu.

Chilungamo chikubweramo bwanji? Kudyetsa ndi kuveka anthu sikukwanira?

Kukadakwanira zikadakhala kuti anthu amakhala kumsasa miyezi ingapo n'kubwerera. Paja akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma misasa ya Dadaab ku Kenya inatsegulidwa mu 1991, Kakuma mu 1992, Dzaleka ku Malawi mu 1994, ndipo yonseyi ilipobe. Muli anthu amene anabadwiramo, anakuliramo, lero ali ndi ana awo obadwira momwemo. Amene amapeza mwayi wosamutsidwira ku dziko lachitatu pa chaka safika ngakhale 1 pa 100 alionse. Munthu wa zaka 30 amene wakhala moyo wake wonse akuima pamzere sakusowa bulangete lina. Akusowa chilolezo chogwira ntchito, ufulu wotuluka mumsasa osamangidwa, chiphaso cha kubadwa cha mwana wake, ndi kuti satifiketi ya sukulu imene anapeza ivomerezedwe.

Zimenezi mpingo sungazigule. Zimasintha malamulo akasintha. Pangano la 1951 limakamba za ufulu wogwira ntchito ndi woyenda, koma mayiko angapo posaina anakana ndime zimenezo. Ena anasankha njira ina: Uganda imapatsa othawa kwawo kamalo kolima ndipo imawalola kugwira ntchito ndi kuyenda. Ndiye kuti nkhaniyi ndi ya zosankha za anthu, ndipo chimene anthu anasankha, anthu angathenso kuchisintha.

Jesuit Refugee Service imafotokoza ntchito yake m'mbali zitatu: kuyenda nawo othawa kwawo, kuwatumikira ndi kuwalankhulira. Mipingo yambiri imakonda yachiwiriyo, poti ndiyo imabweretsa kuyamikiridwa. Yoyamba imadya nthawi. Yachitatu imakudanitsa ndi akuluakulu, ndipo ndi pamenepa pamene mgwirizano umafunika kwambiri, chifukwa m'busa mmodzi akalankhula yekha savuta kumuopseza, kumugula kapena kungomunyalanyaza.

Kumeneko si kulowerera ndale?

Ngati ndale ndi kuuza akhristu chipani choti avotere, mpingo uzitalikire. Koma kufunsa chifukwa chake ana akutsekeredwa m'ndende pamodzi ndi makolo awo chifukwa chosowa mapepala, kumeneko ndi kuchita zimene Amosi ndi Mika ankachita.

Mbiri ili ndi zitsanzo zokwanira. Ku South Africa, South African Council of Churches, yomwe Desmond Tutu anaitsogolera kuyambira 1978 mpaka 1985, inalimbana ndi tsankho pa nthawi imene zipani zomenyera ufulu monga ANC zinali zoletsedwa. Ku Malawi, kalata ya mabishopu a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 ikadatha kukwiriridwa, koma mipingo ina inaima nawo, ndipo chaka chomwecho kunabadwa Public Affairs Committee, momwe munalinso Asilamu. Kampeni ya Jubilee 2000 yofuna kuti ngongole za mayiko osauka zikhululukidwe inayendetsedwa kwambiri ndi mipingo, ndipo mu 1998 anthu pafupifupi 70,000 anagwirana manja kuzungulira pakati pa mzinda wa Birmingham pamene atsogoleri a G8, gulu la mayiko 8 amphamvu pachuma, ankakumana.

Mtengo wake umakhala wokwera nthawi zina. Archbishop Janani Luwum anaphedwa ku Uganda mu 1977, Archbishop Oscar Romero anawomberedwa ali pa guwa ku El Salvador mu 1980.

Kodi mpingo ungasunge munthu amene boma likufuna kumuthamangitsa?

Apa akhristu okhulupirika amasiyana maganizo, ndipo malamulo amasiyana dziko ndi dziko. M'mayiko ambiri tchalitchi chilibe chitetezo chapadera pamalamulo. Ku America, gulu la mipingo lomwe linayamba kusunga poyera anthu othawa ku El Salvador ndi Guatemala mu 1982, kuyambira ku Southside Presbyterian Church ku Tucson, linakathera kukhoti, ndipo mu 1986 anthu 8 anapezeka olakwa, kuphatikizapo M'busa John Fife. Ku Germany mipingo yakhala ikuchita zimenezi kuyambira 1983, mosabisa, ikudziwitsa boma kumene munthuyo ali, n'cholinga choti mlandu wake uunikidwenso.

Nkhani yodabwitsa kwambiri inachitika ku The Hague. Lamulo la Netherlands silinkalola apolisi kulowa m'nyumba yopemphereramo mapemphero ali mkati. Banja lina lochokera ku Armenia, lomwe linakhala m'dzikomo zaka pafupifupi 9, litauzidwa kuti lichoke, tchalitchi chaching'ono cha Bethel chinayamba mapemphero mu Okutobala 2018 ndipo sichinawatseke mpaka kumapeto kwa Januwale 2019, masiku 96 usana ndi usiku. M'busa mmodzi sakadatha. Abusa mazanamazana a mipingo yosiyanasiyana ankalembetsa mayina pa ndandanda, wina kutenga ola la 2 koloko usiku, wina la mbandakucha, kulandizana guwa popanda kusiya mpata. Pamapeto pake boma linavomera kuunikanso milandu ya ana mazana angapo amene anali m'vuto lofananalo.

Mpingo woganiza zotere uyambe wafunsa loya, ndipo udziwe kuti cholinga ndi kupeza nthawi yoti chilungamo chichitike.

Nanga osauka a pamalopo? Si kupatsa alendo ana apakhomo akugona ndi njala?

Amene amafunsa funsoli asanyozedwe. Misasa yambiri imamangidwa m'madera osauka kale, ndipo eni dera akamaona magalimoto a thandizo akudutsa pakhomo pawo osaima, mtima umawawa. Nkhuni zimachepa, madzi amachepa, mzere wa kuchipatala umatalika. Mkwiyo woterewu ukapanda kumvedwa ndi umene andale amadzaukolezera. Mu Meyi 2008 ku South Africa anthu oposa 60 anaphedwa pa zipolowe zolimbana ndi obwera, ndipo Central Methodist Church ya ku Johannesburg inadzaza ndi anthu ogona pamasitepe, ambiri ochokera ku Zimbabwe.

N'chifukwa chake ntchito yabwino imakonzedwa kuti ipindulire mbali zonse. Mjigo ukhale wa onse, sukulu ilandire ana a kumsasa ndi a m'midzi yozungulira. Mpingo uli ndi mwayi umene mabungwe akunja alibe, chifukwa odandaulawo ndi akhristu ake omwe, ndipo ungathe kuwakhazika pansi pamodzi ndi alendowo. Vuto la kagawidwe si lachilendo mumpingo: pa Machitidwe 6 amasiye olankhula Chigiriki ankadumphidwa pogawa chakudya, ndipo atumwi sanawauze kuti akhale chete. Anasankha anthu 7 oti akonze zinthu.

Kodi mipingo sinalakwepo pa nkhani zimenezi?

Inalakwa, koopsa. Ku Rwanda mu 1994 anthu anathamangira m'matchalitchi poganiza kuti apulumuka, ndipo ku Ntarama, Nyarubuye ndi malo ena anaphedwera momwemo. Ku Nyange tchalitchi chinagumulidwa anthu oposa 1,000 ali mkati, ndipo wansembe wa pamalopo, Athanase Seromba, anapatsidwa chilango chokhala m'ndende moyo wake wonse ndi khoti la United Nations. Panalinso ansembe, abusa ndi masisitere amene anafa pobisa anthu, koma zimenezo sizifafaniza zinazo. Mu 2017 Papa Francis anapempha chikhululukiro pa machimo a mpingo pa nthawiyo.

Zolakwa zazing'onopo zimachitika tsiku ndi tsiku: katundu wa thandizo kukathera kwa abale a akuluampingo, ndi anthu amaudindo kudyera masuku pamutu amayi ndi atsikana osowa pogwira. Mgwirizano wa mipingo umene ulibe ndondomeko yotetezera ana ndi amayi, komanso njira yoti wothawa kwawo akadandaule popanda kuopa, usayambe n'komwe ntchitoyi.

Ndalama zake zimachokera kuti?

Zina ndi zopereka za akhristu, monga za nyengo ya Lenti. Koma gawo lalikulu la ndalama za mabungwe akuluakulu limachokera ku maboma ndi ku United Nations, ndipo kudalira kumeneko kuli ndi msampha. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa ndondomeko yolandira othawa kwawo ndipo linadula thandizo lambiri lopita kunja. Mabungwe a mipingo anachotsa antchito, ntchito zina zinatsekedwa, ndipo chaka chomwecho mabishopu a Katolika a m'dzikomo komanso Episcopal Church analengeza kuti akuthetsa mgwirizano wawo ndi boma pa ntchito yolandira othawa kwawo. Komanso bungwe limene limadya m'dzanja la boma limavutika kulidzudzula bomalo.

Mpingo waung'ono wopanda chuma ungayambire pati?

Uyambe ndi kufunsa. Afunseni othawa kwawowo chimene akusowa, ndipo mufunse mipingo ina chimene ikuchita kale. Kawirikawiri chosowacho sichilira ndalama zambiri. Munthu amafuna wina woti amuperekeze ku ofesi, akhale naye pa benchi m'mawa wonse, amuwerengere fomu yolembedwa m'chiyankhulo chimene sachidziwa, ndi kumuthandiza kufunsanso pamene wauzidwa kuti abwere mawa kachisanu. Wina amafuna kuphunzira chiyankhulo cha m'dzikomo. Gulu lina limangofuna chipinda choti lizipempheramo m'chiyankhulo chawo Lamulungu masana.

Musawajambule popanda chilolezo n'kuwaika pa Facebook. Ena akusakidwabe ndi amene anawathawa. Musawakakamize kuimirira kutsogolo kuti afotokoze zimene anaona, ngati kuti ndiwo malipiro a thandizolo. Ndipo mu komiti yokamba za othawa kwawo mukhale othawa kwawo, okhala ndi mawu enieni. Pakati pawo pali aphunzitsi, anamwino ndi amisiri amene amadziwa bwino kuposa ife chimene chingagwire ntchito.

Kodi mipingo ingathetse zimene zimathawitsa anthu?

Nthawi zina imathandizapo. Nkhondo ya ku Mozambique inathawitsira anthu oposa 1 miliyoni ku Malawi kokha. Mabishopu a Katolika ndi Christian Council of Mozambique anakhala zaka akukankha mbali zonse kuti zikambirane, ndipo zokambirana zinachitikira ku Sant'Egidio ku Rome, Archbishop Jaime Gonçalves wa ku Beira ali mmodzi wa amkhalapakati. Pangano linasainidwa pa 4 Okutobala 1992, ndipo m'zaka zochepa zotsatira anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anabwerera kwawo. Kuyambira 1995, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, mipingo inayamba kutolera mfuti posinthanitsa ndi makasu, njinga ndi makina osokera.

Kwina sizinayende choncho. Mu 2019 Papa Francis anagwada n'kupsompsona mapazi a atsogoleri a South Sudan powachonderera kuti asunge mtendere, ndipo mu Febuluwale 2023 anapita ku Juba pamodzi ndi Archbishop Justin Welby wa Anglican ndi Iain Greenshields wa Church of Scotland. Mtendere wa m'dzikolo udakali wogwedera, ndipo nzika zake zoposa 2 miliyoni zidakali m'mayiko oyandikana nalo.